Adolf Anderssen: Mphunzitsi wa Masamu ndi Katswiri wa Tchesi

Aliyense amene anaimapo kumbuyo kwa amuna osewera bawo pa Mpingu kapena pa msika wa Namitete amadziwa kuti masewera ambiri amaonongekera pa chiyambi pomwe. Munthu akatola nkhomo m'dzenje lolakwika ulendo woyamba, amavutika nazo mpaka pothera. M'masewera a tchesi zili chimodzimodzi, kotero kuti njira zoyambira masewerawa zili ndi maina ake, ndipo zina zimatchedwa ndi maina a anthu amene anazitchukitsa. Imodzi mwa njira zimenezi ili ndi dzina la mphunzitsi wa masamu wa pa sukulu ya sekondale, Adolf Anderssen, amene anaigwiritsa ntchito m'chaka cha 1858 pamene zinthu zinamuthina pamaso pa mnyamata wa zaka 21.

Anderssen anabadwa pa 6 Julayi 1818 mu mzinda wa Breslau, umene pa nthawi imeneyo unali m'dziko la Prussia. Lero mzindawu umatchedwa Wrocław ndipo uli m'dziko la Poland. Bambo wake ndiye anamuphunzitsa tchesi ali ndi zaka 9. Atatsiriza sukulu ya sekondale anapita ku yunivesite ya mumzinda womwewo kumene anaphunzira masamu ndi nzeru za kaganizidwe, ndipo pambuyo pake analembedwa ntchito ya uphunzitsi pa sukulu yotchedwa Friedrichs-Gymnasium. Ntchito imeneyi anaigwira mpaka ukalamba wake. Iye sanakwatire. Malipiro ake ankasamalira mayi wake, amene anali wamasiye, pamodzi ndi mlongo wake. Choncho tchesi sinali ntchito yomudyetsa ayi. Ankasewera madzulo akaweruka, ndipo ku mipikisano ankapita makamaka pa nthawi ya tchuthi.

Kuti nkhani yake imveke, nkofunika kufotokoza pang'ono za masewerawa. Bawo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, pamene tchesi ili ndi timabokosi 64 ndi ankhondo 32, mbali iliyonse 16. Mbali imodzi imakhala ndi mfumu, mfumukazi, nsanja ziwiri, mabishopu awiri, akavalo awiri ndi asilikali wamba asanu ndi atatu amene amandanda kutsogolo. Mizere yochokera kwa wosewera kupita kwa mnzake imatchulidwa ndi zilembo kuyambira a mpaka h, ndipo yopingasa imatchulidwa ndi manambala kuyambira 1 mpaka 8, kotero kuti kabokosi kalikonse kali ndi dzina, monga e4 kapena a3. Mfumukazi ndiye wamphamvu kuposa onse, kenaka nsanja, kenaka bishopu ndi kavalo. Koma wopambana si amene wadya ankhondo ambiri. Wopambana ndi amene wapanikiza mfumu ya mnzake mpaka yasowa kothawira, ngakhale iye mwini atatsala ndi ochepa.

Dzina la Anderssen linayamba kumveka m'chaka cha 1842 pamene anasindikiza kabuku ka mafunso a tchesi, oti wowerenga apeze yekha njira yopanikizira mfumu. M'chaka cha 1848 anafanana mphamvu ndi Daniel Harrwitz, mmodzi wa akatswiri a nthawi imeneyo. Patapita zaka zitatu, Mngelezi wina dzina lake Howard Staunton, amene ambiri ankamuyesa wopambana onse pa tchesi, anakonza mpikisano woyamba wa maiko osiyanasiyana mu mzinda wa London, pa nthawi ya chionetsero chachikulu cha makina ndi ntchito za manja. Anderssen anaitanidwa, koma anazengereza chifukwa ndalama za ulendo zinali zambiri kwa munthu wodalira malipiro a uphunzitsi. Staunton analonjeza kuti adzamubwezera ndalamazo ngati sadzapata mphotho iliyonse, ndipo pamenepo mphunzitsiyo anavomera.

Osewera analipo 16, ndipo wogonja ankatuluka pa mzere wolimbirana mphotho yoyamba. Anderssen anagonjetsa Lionel Kieseritzky, kenaka József Szén wa ku Hungary, kenaka Staunton mwiniwake, ndipo potsiriza Marmaduke Wyvill. Munthu amene anabwera mokayikira anabwerera kwawo ndi mphotho ya mapaundi oposa 180 ndi mbiri yoti palibe womuposa m'maiko a ku Ulaya.

Chodabwitsa nchakuti masewera amene anamutchukitsa koposa m'chaka chimenecho sanali a mumpikisano. Pa 21 Juni 1851 iye ndi Kieseritzky anakhala pansi kusewera mongocheza. Kieseritzky nayenso anayamba ngati mphunzitsi wa masamu, koma anasiya nakakhala ku Paris kumene ankadya za kuphunzitsa anthu tchesi. Anderssen ndiye anayamba, ndipo anasankha njira yotchedwa King's Gambit, kutanthauza nyambo ya mfumu. Pa njira imeneyi woyamba amakankhira msilikali wa patsogolo pa mfumu ku e4, mnzake nayankha ndi e5, kenaka woyambayo amapereka dala msilikali wina pa f4 kuti adyedwe. Cholinga chake nkuchotsa msilikali wa mdani pakati pa bolodi ndi kutsegula mzere woloza kumene kuli mfumu yake. Mtengo wake ndi wakuti mfumu ya woyambayo imatsala pa mtetete. Ndi nyambo yeniyeni: nsomba ikhoza kukodwa, komanso ikhoza kudya nyambo nkupita.

Kieseritzky anadya msilikaliyo, ndipo pa kusuntha kwachitatu anatulutsa mfumukazi yake kukaopseza mfumu ya Anderssen, imene inasendera ku f1. Kuyambira pamenepo mfumukaziyo inasanduka mlendo wosowa pokhala. Anderssen ankaithamangitsa ndi kavalo ndi asilikali wamba, ndipo m'masewera onsewo inasuntha kasanu ndi katatu, pamene ankhondo ena a Kieseritzky anali chikhalire pa mzere wawo. Pa kusuntha kwa 11 Anderssen anasiya bishopu wake kuti adyedwe. Pa kusuntha kwa 18 anasiya nsanja zake zonse ziwiri, ndipo Kieseritzky anazidya, imodzi ndi bishopu, ina ndi mfumukazi. Koma podya nsanjazo mfumukazi inakathera pa ngodya ya a1, kutali ndi mfumu yake. Monga momwe mabuku amalembera masewerawa, pa kusuntha kwa 22 Anderssen anaperekanso mfumukazi yake pa f6, ndipo pa kusuntha kwa 23 bishopu wotsalayo, mothandizidwa ndi akavalo awiri, anatsekera mfumu ya Kieseritzky. Wogonjayo anali atangotaya asilikali wamba atatu okha, koma nsanja zake ziwiri ndi bishopu mmodzi anali asanasunthe nkamodzi komwe.

Kieseritzky, ngakhale anagonja, anachita chidwi kotero kuti iye mwini ndiye anasindikiza masewerawo m'magazini yake ya ku Paris yotchedwa La Régence. M'chaka cha 1855 katswiri wa ku Austria, Ernst Falkbeer, anawapatsa dzina lotanthauza masewera osafa, ndipo dzinalo lilipobe. Akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti onse awiri analakwitsa malo angapo, ndiponso kuti Kieseritzky akanatha kudziteteza bwino akanaleka kudya chilichonse chimene anapatsidwa. Komabe aphunzitsi a tchesi amawagwiritsabe ntchito posonyeza kuti ankhondo ochepa amene ali pa ntchito amaposa ambiri amene ali mtulo. M'chaka cha 1852 Anderssen anasewera masewera enanso otchuka ndi Jean Dufresne, m'mene anaperekanso mfumukazi asanatsekere mfumu.

Atachoka ku London, Anderssen anabwerera m'kalasi. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanasewere mipikisano yambiri, ndipo pa umene anapitako ku Manchester m'chaka cha 1857 anatulutsidwa ndi Johann Löwenthal. Mpeni wosanoledwa umabuntha. Pa nthawi yomweyo kutsidya kwa nyanja, mu mzinda wa New Orleans ku America, kunatuluka mnyamata dzina lake Paul Morphy, wobadwa m'chaka cha 1837. Iye anafika ku Ulaya m'chaka cha 1858 nagonjetsa Löwenthal ku London ndi Harrwitz ku Paris. Anafunitsitsa kukumana ndi Staunton, koma mpikisano umenewo sunachitike. Anderssen akanatha kupereka chifukwa chomveka chokanira, pakuti anali ndi ntchito ya sukulu ndipo anali asanakonzeke. Akanakhala ku Breslau mbiri yake ikanatsala yopanda banga. Koma sukulu itangotsekera tchuthi cha Khirisimasi ananyamuka ulendo wa ku Paris, ali ndi zaka 40, kukakumana ndi mnyamata woti akanatha kukhala wophunzira wake.

Mpikisanowo unayamba pa 20 Disembala 1858, kutatsala miyezi isanu ndi inayi kuti David Livingstone afike pa nyanja ya Malawi. Morphy anali kudwala m'mimba, ndipo madokotala anali atamuika misundu yoyamwa magazi monga mwa chithandizo cha masiku amenewo, choncho ankasewerera ku hotela kumene iye ankagona. Panalibe ndalama zolimbirana. Pangano linali lakuti woyamba kupambana masewera asanu ndi awiri ndiye mwini mpikisano.

Anderssen anapambana masewera oyamba, ndipo achiwiri anafanana mphamvu. Kenaka zinthu zinatembenuka. Morphy anapambana achitatu, achinayi ndi achisanu. Vuto linali loonekeratu kwa munthu wa masamu. Masewera akayamba ndi e4 ndi e5, pakati pa bolodi pamatseguka msanga, ndipo pamenepo Morphy analibe wofanana naye. Iye ankatulutsa ankhondo ake onse mwamsanga, aliyense kusuntha kamodzi, asanayambe kuukira. Luso la Anderssen lopereka ankhondo kuti atsekere mfumu linkafuna mdani wosiya mipata, ndipo Morphy sankasiya mpata. Phunziro limene Anderssen anapatsa Kieseritzky ku London tsopano ankalilandira iye mwini.

Pa masewera achisanu ndi chimodzi, pamene inali nthawi yake yoyamba, Anderssen anachita chinthu chimene ophunzira tchesi amaletsedwa. M'malo mokankha msilikali wa pakati, anagwira wa m'mphepete penipeni namusuntha kabokosi kamodzi kokha, kuchoka pa a2 kufika pa a3. Kusuntha kumeneku sikutsegulira njira bishopu kapena mfumukazi, ndipo sikulanda malo pakati pa bolodi. Poyang'ana msanga kumaoneka ngati kutaya mwayi woyamba. Koma mphunzitsiyo anali atawerengera. Morphy anayankha ndi e5 monga mwa chizolowezi chake, ndipo Anderssen anatsatiza c4. Pamenepo bolodi linafanana ndi njira yodzitetezera yotchedwa Sicilian, imene kawirikawiri amasewera ndi wachiwiri, koma tsopano inali m'manja mwa woyamba, ndipo msilikali wa pa a3 uja ankaletsa bishopu kapena kavalo wa Morphy kuima pa b4. Mwa njira imeneyi Anderssen anapewa masewera otseguka, namutulutsa Morphy m'njira zimene anazizolowera, namulowetsa m'masewera oyenda pang'onopang'ono, m'mene asilikali wamba amatsekereza njira ndipo kuleza mtima kumaposa liwiro.

Nzeruyo sinabale zipatso tsiku lomwelo. Anderssen anaima bwino pa chiyambi cha masewerawo, koma analakwitsa pakati ndipo anagonja. Anagonjanso achisanu ndi chiwiri. Pa achisanu ndi chitatu anabwereza a3 ndipo anafanana mphamvu. Pa achisanu ndi chinayi, pamene Morphy ndiye ankayamba, Anderssen anagonja atangosuntha ka 17. Tsono Morphy anali atapambana kasanu ndi kamodzi, Anderssen kamodzi kokha, ndipo kunatsala masewera amodzi kuti zonse zithe.

Pa masewera a khumi Anderssen anasunthanso msilikali wa m'mphepete uja kachitatu. Morphy anatsegula pakati ndi d5, asilikali anadyana, ndipo pambuyo pake anakankhira asilikali ake ku mbali ya mfumu kufuna kuukira. Ulendo uno mphunzitsiyo sanapereke nsanja kapena mfumukazi. Anadziteteza, anasunga asilikali ake a pakati ali ogwirizana, napitiriza kupanikiza pang'onopang'ono mpaka ankhondo anatsala ochepa pa bolodi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Atasuntha ka 77 Morphy anavomera kugonja. Munthu amene anatchuka chifukwa cha masewera a moto otha pa kusuntha kwa 23 anapambana tsiku limenelo ndi khalidwe losiyana kotheratu. Masewera otsatira Morphy anapambana, ndipo mpikisano unatha ali ndi zipambano zisanu ndi ziwiri, Anderssen ziwiri, kufanana mphamvu kawiri. Koma pa masewera atatu amene anayamba ndi a3, aliyense anapambana kamodzi ndipo amodzi anafanana mphamvu. Palibe njira ina imene inamuthandiza chotero mu mpikisanowo akakhala woyamba, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mabuku a tchesi amaitcha njira ya Anderssen.

Osewera ambiri akagonja amapeza chonamizira, kaya matenda, kaya phokoso, kaya kutopa kwa ulendo. Anderssen anavomera poyera kuti Morphy anali womuposa, ndipo anthu amene analipo analemba za kufatsa kwake ndi m'mene ankayamikira mdani wake akasewera bwino. Tchuthi chitatha anabwerera ku Breslau kukaphunzitsa. Morphy anabwerera ku America m'chaka cha 1859, ndipo pasanapite nthawi anasiya mipikisano ya tchesi. Anamwalira m'chaka cha 1884 osabwereranso ku bwalo.

Kwa Anderssen kugonja kuja kunakhala ngati kunola mpeni. M'chaka cha 1861 anagonjetsa Ignác Kolisch ku London. M'chaka cha 1862 anapambana mpikisano wina waukulu wa mu mzinda womwewo, m'mene wosewera aliyense ankakumana ndi anzake onse, ndipo Louis Paulsen anakhala wachiwiri. M'chaka cha 1865 yunivesite ya Breslau inamupatsa digiri ya ulemu ya udokotala. M'chaka cha 1866 anakumana ndi mnyamata winanso, Wilhelm Steinitz, ndipo anagonja pa mpikisano woopsa m'mene Steinitz anapambana kasanu ndi katatu, Anderssen kasanu ndi kamodzi, popanda masewera ofanana mphamvu. Steinitz ameneyu ndiye anadzakhala katswiri woyamba wovomerezeka wa dziko lonse m'chaka cha 1886. Koma patangopita zaka zinayi chigonjere, pa mpikisano wa ku Baden-Baden wa m'chaka cha 1870, umene unachitika nkhondo ya France ndi Prussia ikuyamba, Anderssen anakhala woyamba ndipo Steinitz wachiwiri. Apa nkuti ali ndi zaka 52. M'chaka cha 1877 anzake anakonza mpikisano ku Leipzig womulemekeza chifukwa cha zaka 50 zimene anakhala akusewera tchesi, ndipo mkuluyo anakhala wachiwiri kwa Paulsen.

Anamwalira ku Breslau pa 13 Malichi 1879, ali ndi zaka 60. Manda ake anaonongeka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mzindawo utakhala m'manja mwa Poland, okonda tchesi a m'dzikolo anasamutsira mafupa ake ku manda a Osobowice m'chaka cha 1957.

Njira ziwiri zija zilipobe, ngakhale palibe imene akatswiri a masiku ano amaidalira kwambiri. Nyambo ya mfumu inachepa pa mipikisano ikuluikulu anthu ataphunzira kudziteteza, makamaka kudzera m'ziphunzitso za Steinitz, amene anasonyeza kuti kuukira kumayenera kudikira mpaka wosewera atapeza poyambira penipeni. Njira ya a3 imaonekabe mwa apo ndi apo, wosewera akafuna kuchotsa mnzake pa zimene analoweza. Wophunzira amene wayamba kumene angachite bwino kutsata Morphy: kulanda pakati pa bolodi, kutulutsa akavalo ndi mabishopu msanga, kubisa mfumu, ndi kusunga mfumukazi mpaka nthawi yake itakwana. Koma akafuna kudziwa chifukwa chake malamulo amenewa alipo, masewera a Anderssen ndi Kieseritzky amamusonyeza zimene zimagwera wowanyozera. Ndipo akafuna kudziwa nthawi yoyenera kuwaphwanya, masewera a khumi a ku Paris amamusonyeza kuti munthu amapatuka pa lamulo pokhapokha atadziwa chimene akuthawa ndi kumene akupita.

Mphunzitsi wa ku Mpingu, ku Nsaru kapena ku Kabudula, amene ali ndi makope oti achonge usiku ndi abale omuyang'anira pa mapeto a mwezi, sangavutike kumuzindikira munthu ameneyu, pakuti moyo wa Anderssen unali womwewo. Bolodi la tchesi likhoza kujambulidwa pa katoni, ndipo ankhondo ake akhoza kusemedwa pa mtengo kapena kuumbidwa ndi dongo. Kusuntha 23 kwa masewera a ku London kumakwana pa theka la tsamba la kope, ndipo ophunzira awiri akhoza kukubwereza pa nthawi yopuma belu lisanalire.